Zaka 7 ndi kendama imodzi, ndi mmene mtengo wake wathera m'manja mwanga

Mwezi wathawu ndinakhala pansi kuti ndisinthe chingwe cha kendama yanga, ndipo nditazula kamtengo kopingasa kuti ndipise chingwe chatsopano, ndinaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wochokera pa mlomo wa kambale ka pansi n'kukwera mpini pafupifupi masentimita 2. Ndinaitengera pa zenera n'kuyamba kuitembenuza pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene akugula mphika wadothi pa msika. Ndakhala nayo zaka 7, ndipo kupatula masiku a matenda ndi a maliro, sindikumbukira sabata imene inatha osaigwira. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kanthu ka mtengo kotere, kamene ntchito yake ndi kugundidwa basi, kamakhala nthawi yaitali bwanji kasanathe. Ndimawayankha kuti kendama imayamba yakoma kenako n'kumatha, ndipo chimene chimaikometsa ndi chomwecho chimene chimaimaliza. Ambiri amangogwedeza mutu poganiza kuti ndikuwazemba, choncho ndaganiza zolemba zimene ndaona ndi maso.

Kwa amene sanaionepo, kendama ndi choseweretsa cha ku Japan chopangidwa ndi zidutswa zitatu za mtengo ndi chingwe chimodzi. Pali mpini, umene eniake amautcha ken, wotalika masentimita 16, wosongoka kumwamba ndipo kumunsi kwake anakumbako kambale. Pa mpiniwo amavekapo chopingasa chotchedwa sarado, cha masentimita 7, chimene chili ndi timbale tiwiri, kokulirapo mbali imodzi ndi kocheperapo mbali inayo. Chachitatu ndi mpira wotchedwa tama, wa masentimita 6 kukula kwake, wokhala ndi bowo lolowamo nsonga ija. Zonse pamodzi zimalemera magalamu pafupifupi 140, ndipo chingwe cha masentimita pafupifupi 40 ndicho chimalumikiza mpira ndi mpini. Kusewera kwake ndi kukoka mpira m'mwamba n'kuuwakha mu kambale kapena pa nsonga, mwinanso kugwira mpira n'kuwakha mpiniwo. Palibe njira yosewerera imene mtengo sugunda mtengo unzake.

Maonekedwe amene tikuwadziwa lerowa anachokera kwa Hamaji Egusa wa ku Kure, m'chigawo cha Hiroshima, amene analembetsa luso lake mu 1919, ndipo mu 1921 amisiri a ku Hatsukaichi, mzinda wa matabwa ndi anthu odziwa kusema pa makina ozungulira, anayamba kuzipanga. Mu 1975 Issei Fujiwara anakhazikitsa bungwe la Japan Kendama Association, limene linaika muyeso umodzi wa kendama ya mpikisano ndi magiredi oyesera luso la osewera. Kendama yokwana pa muyesowo amaimata kachidindo ka bungweli. Yanga ili nako kachidindoko, ngakhale kuti tsopano kanafufutika moti zilembo zake sizionekanso bwino. Ndinaigula ku Hatsukaichi komweko mu Epulo 2017, pamene ndinali pa maphunziro ku Higashihiroshima, mzinda wina wa m'chigawo chomwecho cha Hiroshima, ndipo mtengo wake sunafike mayeni 2,000. Ndinaigula ngati chikumbutso chokaika pa shelefu kunyumba, koma pa shelefupo sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi.

Mpini wake ndi wa buna, mtengo umene Angerezi amautcha beech, ndipo mpira wake ndi wa tcheri wa m'mapiri, wopakidwa penti wofiira. Makendama ambiri a mpikisano a ku Japan, kuphatikizapo a Ozora amene amapangidwa ndi Yamagata Koubou mumzinda wa Nagai, amagwiritsa ntchito mitengo iwiri imeneyi. Ndinatenga nthawi kuti ndimvetse chifukwa chake. Buna ndi wolimba ndithu, koma mitsempha yake ndi yaing'ono ndiponso yogwirana mofanana paliponse, kotero ukagundidwa umapanikizika n'kuchita kadzenje m'malo mobenthuka. Kadzenje ka pa kendama sikaipitsa masewero, pamene kubenthuka kumaipitsa. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona moyo wonse wa choseweretsachi.

Kendama yatsopano ndi yokongola koma yovuta kusewera nayo. Mpira wake umanyezimira ngati phwetekere wotsukidwa kumene, ndipo umaterera. Pa masewero oyamba, owakhira mpira mu timbale, kuterera sikuvutitsa kwenikweni, koma pali sewero lotchedwa todai, limene umagwira mpira n'kukoka mpini kuti uime chilili pamwamba pa mpirawo, kambale ka pansi katakhala pa penti. Pa mpira watsopano mpini umafika bwinobwino kenako n'kutsetsereka ngati phazi pa matope a mu Febuluwale. Miyezi iwiri yoyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi manja anga, ndipo zoonadi manja anali ndi vuto lawo, koma tsiku lina mnzanga wa m'kalasi atandibwereka kendama yake yakale, yodzaza zipsera, mpini unaima kawiri pa maulendo asanu. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti zipsera zija zinali ndi ntchito.

Chimene chimayamba kutha ndi nsonga. Ikakhala yatsopano imakhala yosongoka bwino ngati pensulo yosongoledwa kumene, koma wophunzira amaphonya bowo kambirimbiri, ndipo kuphonya kulikonse ndi magalamu pafupifupi 70 a mpira akutera pa kadontho kamodzi ka mtengo. Sewero la tomeken, lokokera mpira molunjika kuti bowo litere pa nsonga, ndi la furiken, loponya mpira kutsogolo kuti utembenuke, ndiwo anadya nsonga yanga. Pofika mwezi wachitatu inali itabuntha, ndipo ndikaiyang'anitsitsa ndinkaona kuti mitsempha ya mtengo yaphwanyika n'kutambasuka m'mbali ngati mutu wa chikhomo chimene chakhomedwa nthawi yaitali. Mpira nawo unali ndi timadontho tambiri tozungulira bowo, tina tangolowa mu penti, tina tafika pa mtengo woyera. Aliyense wodziwa kendama akaona mpira wotero amadziwiratu kuti mwini wake ndi wophunzira amene amathamangitsa mpira ndi nsonga m'malo mwakuti audikire utsike.

Osewera ambiri amateteza nsonga ndi supa guluu. Amadontheza pang'ono, kusiya kuti aume, n'kubwerezanso kawiri kapena katatu mpaka pansongapo pakhale kachipewa kolimba. Ine ndinachita zimenezi m'chaka chachiwiri, ndipo sindingakane kuti nsonga inasiya kufupika kwa miyezi yambiri. Koma nsonga ya guluu imauma kuposa penti ndi mtengo wa mpira, kotero zimene inkalandira kale inayamba kupereka. Timadontho tozungulira bowo tinasanduka mabala enieni, ndipo penti anayamba kubenthuka tizidutswa tonga mamba a usipa. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanadikira kuti nsonga ibunthe pang'ono yokha, kenako n'kupaka kamodzi kokha kopyapyala. Nsonga yobuntha pang'ono imalowabe m'bowo popanda vuto, koma mpira wobenthuka penti sungabwezeretsedwe.

Pa holo ya m'dera limene ndinkakhala ku Japan pankabwera bambo wina wachikulire Loweruka lililonse kudzaphunzitsa ana, ndipo tonse tinkawatcha sensei. Kendama yawo inali itada ngati mpini wa khasu la agogo, penti wake atasanduka wofiirira ngati njerwa, koma nsonga yake inali yosongokabe kuposa yanga ya miyezi 6. Nditawafunsa chinsinsi chake anaseka, n'kundiuza kuti nditseke maso ndimvetsere. Anawakha mpira kakhumi mu kambale kakakulu, ndipo phokoso lake linali lochepa ngati munthu akuika kapu pa tebulo. Atandiuza kuti ndichite chimodzimodzi, yanga inkalira ngati kalipentala akukhoma denga. Anandigwira pa phewa n'kuloza maondo anga, amene anali chilili ngati mitengo ya magetsi. Kendama imaseweredwa ndi maondo. Mpira ukamatsika, thupi lonse limatsika nawo, kotero umafika mu kambale liwiro lake litachepa kale. Wosewera wopinda maondo amawakha kwambiri, ndipo kendama yake imakhalitsa, chifukwa nkhonya iliyonse imene mtengo ukanalandira imathera m'miyendo.

Kuyambira chakumapeto kwa chaka choyamba mpaka chaka chachinayi, kendama yanga inali pa ubwino wake wonse, ndipo nthawi imeneyi ndi imene ndimaikumbukira ndikamayankha anzanga aja. Penti anali atasiya kunyezimira. Milomo ya timbale inali itasindikiza pa mpira tizipsera tambirimbiri tooneka ngati mwezi watsopano, tokwerana mbali zonse, ndipo ukayendetsa chala pamwamba pake unkamva kukhakhala pang'ono kumene maso sankakuona. Thukuta ndi mafuta a m'manja zinali zitalowa mu mpini n'kuusintha mtundu kuchoka pa kuyera kwa ufa wa mgaiwa kufika pa mtundu wa uchi. Milomo ya timbale, imene poyamba inali yakuthwa, inafewa n'kutambasuka pang'ono, moti mpini ukatera pa mpira unkangokhazikika ngati wamatidwa. Todai ndinkaichita kasanu ndi katatu pa maulendo 10, ndipo sindikukhulupirira kuti manja anga okha ndiwo anali atasintha chotero.

Mlomo wa bowo ndi malo ena amene kutha kwake kumathandiza. Amisiri amausema motsetsereka kuti nsonga izilowa mosavuta, ndipo ukakhala watsopano umakhala wosalala. Pali sewero lotchedwa uguisu, dzina la kambalame ka ku Japan, limene mpira umatera pa mlomo wa kambale, bowo litayang'ana pansi, n'kutsamira nsonga monga mbalame yokhala pa nthambi. Pa kendama yatsopano sewero limeneli ndi lozunza, chifukwa palibe chogwira. Koma nsonga ikamenya mlomo wa bowo kwa miyezi yambiri, mtengo wa pamenepo umafewa, umachita timizere, ndipo umayamba kuluma mlomo wa kambale. Sewero la hikoki, limene umagwira mpira n'kuponya mpini kuti nsonga igwere m'bowo, ndilo limafulumizitsa zimenezi kwambiri. Osewera ena amachita kufewetsa mlomowo dala ndi madzi kapena malovu, koma ine sindinafune kuthamangitsa chimene chinali kubwera kale chokha.

Tsiku lina ndinawerengera kuti mtengowu umalandira nkhonya zingati. Pali sewero lotchedwa moshikame, losinthasintha mpira pakati pa kambale kakakulu ndi ka pansi mosalekeza. Pa mayeso a bungwe lija amafuna kuti lizichitika pa liwiro losachepera maulendo 135 pa mphindi, ndipo kuti munthu afike pa giredi ya kyu yoyamba, imene ndi yapamwamba pa magiredi a ophunzira otchedwa kyu, ayenera kukwanitsa maulendo 50 osagwetsa. Ine ndinkachita moshikame mphindi 10 m'mawa uliwonse madzi a tiyi akuwira. Kumeneko ndi kugunda 1,350 pa tsiku, ndipo pa chaka kumayandikira theka la miliyoni, osawerengera masewero ena onse. Ndikaganiza kuti kambale ka pansi, kamene mlomo wake ndi wopyapyala, kanalandira theka la nkhonya zimenezo chaka ndi chaka osang'aluka, ndimaona kuti amisiri amene anasankha buna ankadziwa chimene ankachita. Chimene chinasintha ndi kulira kwake. Poyamba inkalira mokweza ndi mowuma, koma pofika chaka chachitatu inkalira motsika, ngati mtondo wakale.

Nyengo ndiyo inayamba kuonetsa kufooka kwa mtengowu. Buna amamwa chinyontho msanga ndiponso amachitaya msanga, ndipo mtengo uliwonse umafufuma kwambiri m'mbali kuposa mmene umatalikira. Ku Japan, m'nyengo ya mvula ya mu Juni ndi Julayi imene amaitcha tsuyu, chopingasa chinkathina pa mpini moti kuchizula kunkafuna kupotokola ndi manja awiri. Chopingasacho sichimatidwa ndi guluu. Mpini umanka nukula chakumunsi, ndipo chopingasa chimangokanikizidwa mpaka chitagwira. Nditabwerera ku Zomba mu 2019, Okutobala woyamba anandionetsa mbali ina ya nkhaniyi. Kutentha ndi kuuma kwa mwezi umenewo kunachepetsa mpini, chopingasa chinakhwepa, ndipo tsiku lina ndili pakati pa hikoki chinavuka n'kutsala chikulendewera pa chingwe. Ndinadula kapepala kopyapyala ka mu kope, kukulunga pa mpini kamodzi, n'kubwezeretsa chopingasa. Mvula itayamba mu Disembala ndinachotsa kapepalako chifukwa mtengo unali utabwerera mwakale, ndipo kuyambira pamenepo ndimachita zimenezi chaka chilichonse, ngati munthu wosintha zofunda. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndingomata ndi guluu, koma mfundo ya chingwe imakhala pansi pa chopingasacho, ndipo ukamata ndiye kuti kusintha chingwe kwasanduka ntchito yaikulu.

Mpira nawo sunakhalebe wozungulira ndendende. Ndikaugubuduza pa tebulo la galasi umayenda motsimphina pang'ono, chifukwa unachepa mbali imodzi kuposa inzake. Pa masewero sindimva kusiyana kulikonse.

Chingwe ndi chinthu chosakhalitsa, ndipo palibe chifukwa chochidandaulira. Chimatha pa malo awiri, pamene chimatulukira pa chopingasa ndi pamene chimalowera pa kabowo ka pamwamba pa mpira, pafupi ndi mkanda umene umachigwira mkati. Chikayamba kumera ubweya pa malo amenewa ndiye kuti masiku ake atha. Ine ndasintha zingwe 9 m'zaka 7. Zimene ndinabwera nazo zitatha ndinayesa ulusi wa nayiloni wa osoka nsapato, umene ndi wolimba koma ndi wouma ndipo umapotana, kenako ndinapeza chingwe chofewa choluka chimene atelala amaika m'makatani, ndipo chimenecho chinagwira ntchito bwino.

Koma chingwe chomwecho ndicho chinabweretsa ngozi yaikulu. Madzulo ena mu 2021 ndinali pa khonde, ndikudziwa bwino kuti chingwe chamera ubweya kwa sabata ziwiri, koma ulesi unandiuza kuti mawa. Ndinagwira mpira, kuponya mpini kutsogolo, ndipo chingwe chinaduka mpini uli m'mwamba. Unauluka mamita atatu n'kukatera pa simenti ndi mlomo wa kambale ka pansi. Nditautola ndinapeza kuti pabenthuka kachidutswa kofanana ndi njere ya mpunga. Zaka 4 za moshikame sizinathe kuchita chimene simenti inachita pa kamphindi kamodzi. Ku Japan ndinkasewera pa mphasa za tatami kapena pa matabwa, pamene kendama ikagwa imangodumpha, koma nyumba zathu zambiri ndi za simenti kapena matailosi, ndipo aliyense amene ali ndi kendama kuno ayenera kudziwa kuti mdani wake wamkulu ali pansi pa mapazi ake. Kuyambira tsiku limenelo ndimayala mkeka kapena kupita pa kapinga. Ndinapala pobenthukapo ndi sandipepa wosalala kuti pasapitirire, koma todai sinakhalenso chimodzimodzi, chifukwa mpini ukatera chopendekera mbali ya balalo umagwa. Ndikukhulupirira kuti mng'alu umene ndaupeza mwezi wathawu unayambira pomwepo, ndipo wakhala ukukwawa mkati mwa mtengo zaka zitatu.

Ngoziyo itachitika ndinaganiza zopangitsa mpini wina konkuno. Ndinapita kwa mmisiri wina wosema ziboliboli m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, amene ali ndi makina ozungulira osemera zoikapo makandulo. Anautembenuza mpini uja, kuukanda ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mtengo uwu ndi wofewa. Ndikupangirani wa phingo, adzaseweretsa ndi adzukulu anu."

"Koma bambo, kodi sulemera kwambiri?"

"Kulemerako ndiye kulimba kwake. Mubwere Lachisanu."

Ntchito yake inali yaukhondo, ndipo miyeso anaitsata bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Mpini wakuda, wonyezimira, wokongola moti alendo amayamba kuutola iwo asanaone china chilichonse pa shelefu. Koma phingo ndi wolemera kwambiri, moti amamira m'madzi, ndipo mpiniwo unkalemera pafupifupi kawiri kuposa mpira. Masewero onse ogwira mpira n'kuwakha mpini anasokonekera. Mpira ukatera mu kambale unkadumpha n'kutuluka, chifukwa phingo salandira nkhonya, amaibweza. Ndipo pa masiku atatu okha nsonga yake inasiya mabala pa mpira wanga akuya kuposa a chaka chathunthu. Mmisiriyo sananame, pakuti mpini umenewo udzafikadi kwa adzukulu, koma udzakhala utadya mipira yambiri pa njira. Ndinauchotsa n'kubwezeretsa wa buna wobenthuka uja. Pa zinthu ziwiri zogundana tsiku lililonse, chimodzi chiyenera kulolera, ndipo amisiri a ku Japan anasankha mitengo yololerana pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri.

Mtengo wofewa kwambiri nawo suthandiza. Mlongo wanga anagulira mwana wake kendama yotchipa m'sitolo ina ya zidole, yopanda dzina la wopanga. Inali yopepuka ngati ya paini, chopingasa chake chinali chomatidwa, ndipo penti wake anali wokhuthala ndi wouma. Pa sabata zitatu nsonga inali itaphwanyika ngati mswachi wotafunidwa, ndipo penti ankasupuka ngati chikamba cha dzira lowiritsa. Mwanayo anaiponya pansi pa bedi n'kuyamba kubwereka yanga.

Makendama a masiku ano asintha kwambiri kuyerekeza ndi yanga. Chiyambire pamene masewerowa anafalikira ku America ndi ku Ulaya, makampani monga Sweets Kendamas a ku Minnesota ndi Krom a ku Denmark akhala akupanga makendama a timbale tokulirapo, ena a mitengo ya maple ndi ash, ndi penti womata amene amagwira mpini kuyambira tsiku loyamba. Mpikisano wa Kendama World Cup, umene unayamba mu 2014 ku Hatsukaichi, umaonetsa masewero oponya ndi kutembenuza mpini mobwerezabwereza mwaliwiro, ndipo osewera otere amatha kumaliza kendama pa miyezi yochepa, n'kuiona monga wothamanga amaonera nsapato. Penti womata amachotsa miyezi yozunzika ija, zimene ndi zabwino kwa wophunzira, koma amatola fumbi ndi litsiro, ndipo amafuna kupukutidwa kawirikawiri ndi kansalu konyowa pang'ono kuti agwirenso. Palinso amene amakonda mpira wosapaka penti konse, umene umayamba woterera kwambiri koma ukamwa thukuta la mwini wake umagwira bwino ndipo ulibe choti chisupuke. Ndikanati ndisankhe kendama yoti ikhale zaka zambiri m'fumbi la kwathu kuno, ndikanatenga yosapaka.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa kendama yakale ndi chakuti imaulula mwini wake. Pa yanga, pamene pamakhala chala chachikulu pada kuposa pena paliponse ndipo palowa pang'ono. Mlomo wa kambale kakakulu watha kwambiri mbali yoyang'ana kwa ine, zimene zikusonyeza kuti ndimakoka mpira mopendekera m'malo mouimika molunjika, chizolowezi chimene sensei uja anandidzudzula nacho ndipo sindinachisiye. Nsonga yabuntha mopendama chakumanzere. Kambale kakang'ono n'kamene kamandichititsa manyazi, chifukwa mlomo wake ukadali wakuthwa ngati wa chaka choyamba, umboni woti zaka zonsezi ndakhala ndikukazemba. Ndinayeza mpini ndi rula n'kupeza kuti wafupika mamilimita pafupifupi 4, koma chopingasa nacho chatsika pang'ono chifukwa cha kukanikizidwa zaka zonsezi, moti nsonga yotulukira pamwamba ikuoneka yotalika ngati kale.

Mng'alu uja ndinautsegula pang'ono ndi nsonga ya singano, kuthiramo guluu woyera wa akalipentala, n'kumanga mpini ndi mphira ya chubu cha njinga usiku wonse. Wagwira, koma ndikaugogoda ndi chikhadabo mbali imeneyo imalira mosiyana ndi inzake. Mwana wa mlongo wanga, amene tsopano ali ndi zaka 12, anaima pambali nthawi yonseyi akuonerera, ndipo nditamasula mphira anafunsa kuti, "Amalume, ndiye mwaitaya kapena?" Ndinamuuza kuti aitenge, koma azisewerera pa kapinga ndipo aziyang'ana chingwe Lamlungu lililonse.

Ine ndatsegula ina imene mnzanga anandibweretsera chaka chatha, imene yakhala m'kabati ili m'pepala lake. Ndi ya buna ndi tcheri ngati yoyamba ija, yofiira, yonyezimira, ya nsonga yakuthwa. Ino ndi sabata yachitatu. Dzulo madzulo ndinayesa todai maulendo 10 pa mkeka, ndipo mpini unaima kamodzi kokha, pamene mnyamata uja, ali pa kapinga ndi yakale ija, anauimika kanayi motsatizana n'kundifunsa ngati ndikufuna kubwereka.